Mbale Zanga Zosasweka

Lolemba, 4 Juni 1984

Ukwati ndi mu Ogasiti. Sabata ino ndi ya mbale.

Kuno mkwatibwi amapita kusitolo yaikulu, n'kusankha yekha ziwiya zimene akufuna, a sitolo n'kulemba m'kaundula wawo. Oitanidwa akafika amangotchula dzina lako, n'kugula chimene unaloza. Palibe zolandira mawotchi apakhoma asanu monga zinamuchitikira msuweni wanga ku Zomba. Azungu pena amaganiza.

Chimene ndikufuna n'chimodzi: mbale khumi ndi ziwiri zofanana. Zolimba, zofanana, zanga.

Chibadwire sindinakhalepo patebulo pomwe mbale yanga ikufanana ndi ya woyandikana naye. Kwathu ku Ntcheu zinali zamalata, iliyonse ndi zipsera zake. Kusekondale umadyera imene wapeza. Kuno kutsidya kwa nyanja, ku Fairfax, kwa azakhali komwe ndikulera ana awo chibwerere, mbale zabwino zili m'kabati yagalasi, zikudikira alendo amene sindinawaonepo. Ine ndimadyera ya pulasitiki ya Junior, ya chithunzi cha bakha. Bakhayo ndamupala ndi supuni mpaka diso linachoka.

Ndamuuza Fanuel kuti mawa tipitire limodzi. Akuti, "Mbale ndi mbale, bola muli chakudya." Munthu wa madigiri awiri ameneyu. Kuchipinda kwake amadyera pa chivindikiro cha poto. Ndikwatiwa nayebe.

Lachiwiri, 5 Juni

Ndapita ndekha pa basi, ana ali kusukulu.

Mayi wa m'sitolo, wa magalasi olendewera pa tcheni, wandionetsa mitundu itatu:

Zadothi zopyapyala, za mkombero wagolide. Ukazilozetsa ku kuwala umaona mthunzi wa zala zako. Koma m'makina otsukira sizilowa, mu mayikulowevu zimathetheka moto, madzi otentha kwambiri sizifuna. Mbale yofuna kuleredwa ngati khanda. Ndalera okwanira.

Zadothi zokhuthala, zofiirira, zolemera ngati njerwa. Akuti zimabenthuka m'mphepete. Ndiye ubwino wa kulemerako ndi chiyani?

Zoyera, zopepuka, za galasi lolimbitsa, timaluwa tobiriwira kuzungulira mkombero.

Pa zachitatuzi mayiyo sanalankhule zambiri. Wangotenga imodzi n'kuisiya igwe pansi. Mbale yalira, yavina mozungulira, yagona. Yathunthu. Ndamupempha abwerezenso. Kenaka ndaigwetsa ndekha. Bambo wina amene amasankha matawulo watembenuka kutiyang'ana.

Akuti zimasanjikizana bwino, sizidya malo, ndipo ina ikasowa utha kugula imodzi yokha. Ndamuyankha kuti m'nyumba mwanga simudzasowa mbale.

Ndalembetsa. Zazikulu, zazing'ono, mabakuli, makapu ndi masosala ake. Pa basi pobwerera ndinali kuyala tebulo m'mutu. Fanuel uko, ine kuno, alendo amene ndawafuna ine.

Lachitatu, 6 Juni

Ndalakwitsa kuwauza azakhali asanamwe tiyi.

"Ndiye kuti ukuuza anthu zoti akugulire? Kupemphatu kumeneko. Mphatso salamula, mwana iwe." Ndawauza kuti kuno ndi mmene amachitira. Akuti kuno agalunso amagona pabedi, kodi nazonso titengere?

Masana onse foni ili kukhutu kwawo, chingwe chitakokedwa mpaka kuchipinda. Pofika nthawi yokatenga ana, ku Bowie adziwa, ku Manassas adziwa. Amalawi tilipo ochepa m'dera lino, koma nkhani sitisunga, timagawana ngati mchere.

Uthenga wa a Rhoda wabwera kudzera mwa azakhali. A Rhoda ndi achemwali ake aakulu a Fanuel, a ku Bowie, alamu anga kuyambira Ogasiti mpaka imfa. Akuti, "Wasankha zagalasi? Zam'kantini zija? Bwenzi atandifunsa."

Kuwafunsa iwo. Munthu amene tsiku la chinkhoswe chathu, ali m'khitchini mwa azakhali, anati, "Fanuel wasowadi, mpaka wolera ana?" Ankayesa ndatuluka. Ndinali kuseri kwa chitseko cha filiji, nditanyamula zakumwa zoti amwe iwo omwewo. Ndinawathirira m'tambula, ndi manja awiri. Akuganiza kuti sindinamve. Ndinamva, ndipo ndikumvabe.

Iwo ali ndi zadothi za mkombero wagolide zodzaza kabati. Ukapita kwawo umadyera m'mbale yapepala, msuzi ukuyenderera pamkono.

Lachinayi, 7 Juni

Ndawaimbira a Rhoda ndekha. Sindikufuna mawu anga azidutsa m'kamwa mwa azakhali.

Ndawapatsa moni wonse, ana, abambo, kuntchito. Kenaka ndawafotokozera mbale zanga zam'kantini. Kuti ndinaigwetsa pansi ndi manja angawa. Kuti simenti siziopa. Kuti olo muziponye m'buti ya galimoto, mupite nazo ku Manassas n'kubwerera, simupeza mng'alu.

Kenaka anafunsa:

"Sizisweka olo pang'ono?"

Ndati olo pang'ono.

"M'makina otsukira zimalowa?" Zimalowa. "N'zopepuka, munthu mmodzi atha kunyamula zambiri?" Ngakhale mwana. "Zabwinotu zimenezo, mlamu."

Mlamu! Chiyambire sananditchulepo choncho. Ndimakhala "mtsikana wa kwa anti aja". Ndaika foni ndikumva kukoma ngati ndakanda pomwe pamayabwa.

Madzulo aimba Mayi Tembo a ku Manassas, a ku Zambia aja, amene amuna awo amagwira kubanki limodzi ndi amuna a azakhali. Za phwando langa la kukhitchini la Loweruka. Kwathu ine sindinalionepo, koma iwo aumirira kuyambira Epulo: "Ku Lusaka mkazi sangena m'nyumba popanda kitchen party." Likachitikira kwa a Rhoda, chifukwa chipinda chawo chapansi n'chachikulu.

Malangizo awo: ndikavale chitenje, ndikakhala pamphasa, miyendo yowongola, maso pansi. "Osaseka, osakamba. Olo nyumba ipsye, iwe ziii. Manje ndiye tizaona ngati unaleledwa."

Ndavomera. Kukhala chete maola ochepa, ndalephera chiyani?

Lachisanu, 8 Juni

Ndaimba kusitolo kufunsa ngati pali amene wagulako kanthu. Ndimayembekeza kumva kuti kapu imodzi.

Zonse zagulidwa. Mayi wa magalasi uja akuti m'mawa kunabwera amayi atatu, wamtali ndiye amalankhula. Anatenga khumi ndi ziwiri zanga zija, n'kuonjezera kuti zikwane makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Anafunsanso ngati pali mbale zikuluzikulu zoperekera mpunga za maluwa omwewo. "Muli ndi abale okukondani," akutero.

Wamtali ndi a Rhoda.

Ndakhala pampando wa m'khitchini nthawi yaitali, zovala za ana zikudikira kusita. Nyumba imene tapeza ndi Fanuel ndi ya chipinda chimodzi. Tebulo lake ndi la anthu anayi, wina atakhalira sutikesi. Mbale zonsezo n'zodyera ndani?

Mwina ndi mmene amapepesera anthu ena. Pakamwa pamakanika, ndiye amapepesa ndi katundu. Bambo anga akawakalipira amayi, mawa lake ankabwera ndi nsomba, osanena kanthu. Amayi ankaphika, nkhani n'kutha. Ine sindinatengere amayi, koma ndikuganizira. Mwina ndiwakhululukire theka. La "wasowadi" ndichotse, la "wolera ana" litsale.

Azakhali asintha nyimbo. Lero akuti kaundula ndi nzeru. Akuyimba m'bafa. Sindikuwamvetsa.

Ndayeserera kukhala pansi miyendo yowongola. Junior wandifunsa m'Chingerezi ngati ndadwala.

Loweruka, 9 Juni

Ndabwerako. Ndilembe ndisanagone.

Chipinda chapansi cha a Rhoda chodzaza amayi, mafuta onunkhira, nyimbo za pa kaseti. Andilowetsa nditafundidwa chitenje kumutu, andikhazika pamphasa, azakhali pambali panga ngati mlonda. Andivundukula, nthungululu. Kuyambira pamenepo dziko langa ndi mapazi a anthu.

Malangizo. Mwamuna ndi mwana. Mwamuna ndi mutu. Asankhepo chimodzi.

Mphatso. Mapoto, mipeni, nsalu za patebulo. Kenaka makatoni atatu akokeredwa pakati. Nsapato zofiira za a Rhoda zaima patsogolo panga.

"Amayi, mlamu wangayu ndi wanzeru. Taonani."

Mbale yagwa pa simenti, pafupi ndi phazi langa. Yalira, yavina, yagona. Chipinda chonse chaphulika. Wina akuti abwereze. Abwereza. Mayi Tembo nawo ayesa. Mbale zanga zikugwa uku ndi uku ngati mango.

Ndiye a Rhoda: "Mavuto athu a mbale zamapepala atha lero."

Ndadzutsa mutu. Chala cha azakhali m'nthiti. "Werama."

Makatoni atsegulidwa onse. Mpunga, nkhuku, kabichi, nyemba, zonse m'timaluwa tanga tobiriwira. Woyamba kudyera mbale yanga yaukwati ndi mwana wa a Rhoda, wamamina uja, atakhala pa masitepe. Ine andipatsa chakudya m'mbale yapepala, akuti mkwatibwi asayambe kudyera zatsopano asanalowe m'nyumba. Mwambo umenewu aupangira pomwepo, ndikulumbira.

Mayi Tembo akulengeza: chikondwerero cha pa 6 Julaye, ubatizo wa mdzukulu wawo, msonkhano wa amayi mwezi ndi mwezi. "Zizankhala kwa mwana wathu uyu, ife tizazitenga chabe tikafuna. Si zosapwanyika?" Manja.

Kenaka chimene ndinaiwala, ine mwana wa ku Malawi. Chakudya chatsala, ndipo mlendo sapita chimanjamanja. A Rhoda ali patebulo ndi chipande: mpunga m'mbale, ina kuvindikira pamwamba, kukulunga m'nsalu. "Mutengereko abambo kunyumba." "Inu ana anu aja, tengani ziwiri." Ndikuona mbale zanga zikudutsa pa msinkhu wa mawondo, ziwiriziwiri, kukwera masitepe. Ya ku Manassas. Ya ku Silver Spring. Ina yapita ndi mayi amene sindikumudziwa n'komwe, wa nsapato za bulauni.

Pakamwa panga, pamene anthu amapaopa kuyambira Fomu 1, pali potseka. Nthiti yanga yakumanzere yatupa.

Potsanzikana Mayi Tembo andikumbatira. "Unaleledwa, mwana wanga. Sunagwedezeke olo pang'ono."

Lamulungu, 10 Juni

Ndatsegula makatoni tisanapite kutchalitchi. Masosala onse alipo, poti palibe amanyamulira mpunga pa sosala. Makapu alipo. Mbale zazikulu zatsala zisanu ndi zinayi.

Kutchalitchi aliyense akundigwira dzanja. "Mbale yako ndibweretsa, koma sindingabweze yopanda kanthu, udikire ndiphike." Ndikuwadziwa. Kuphikako ndi Khirisimasi.

Ndamuuza Fanuel zonse panja pa tchalitchi. Wamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Koma ndiye akulandiratu." Ndamuyang'ana mpaka wapita kukatsegula galimoto.

Masana ndaima pa kabati ya azakhali. Zadothi zawo zonse zilipo, zofanana, palibe yosowa. Za a Rhoda chimodzimodzi. Ndinkawaseka kuti amasunga mbale zosadyera. Palibe amabwereka mbale imene akuopa kulipira. Amayi amenewa anadziwa kale kuti kuno mbale imatha ndi kuyenda, ndipo ine ndinaimba foni ndekha kulengeza kuti zanga zili ndi miyendo yolimba.

Kaya a Rhoda anachita dala, kaya m'mutu mwawo ndi ulemu umene andipatsa, sindikudziwa. Mwina zonse ziwiri. Anthu a mtundu umenewu ndiwo ovuta kudana nawo bwinobwino.

Chakumadzulo Fanuel wabwera ndi kaphukusi. Akuti achemwali akubweza mbale, ndipo akuthokoza. M'kati muli mandasi, akadali ofunda. Ndawachotsa kuti ndione mbale yanga.

Yoyera, yopepuka, galasi lomwelo. Maluwa ake ndi abuluu.

Ndaitembenuza. Pansi pali zilembo za kyutekisi wofiira, zofufutika: E.M. Ndawaonetsa azakhali.

"Aa, za Esime izo. Anakwatiwa chaka chimene tinabwera ife, anabwerera kumudzi kalekale. Nazonso zinali zolimba bwanji."

Mandasi ndadya atatu, ndi okoma, ndipo sindidzawauza. Mbale ya Esime ndaitsuka, ndaipukuta, ndaisanja pamwamba pa zanga. Yakhala bwinobwino, ngati inabadwira pomwepo. Zakwana khumi.