Thumba la Feteleza la Dafuleni

Mwambi uwu chiyambi chake n'chotere, ndipo musendere pafupi, chifukwa eni nkhaniyi ena akadali moyo. Akamva kuti ndakuuzani, moni wanga watha.

Pa phiri la Nkhulande, m'mbali mwa msewu wa tala, pali anthu oswa miyala yogulitsa kwa omanga nyumba. Paphiripo pali mapanga awiri oyang'anana, lina kumunsi lina kumtunda, ndipo pakati pake padutsa kanjira kopita kumudzi. Sanatalikirane ayi. Munthu akakuwa kuphanga lina, kwinako amamva bwinobwino. Dzuwa likanyanya kapena mvula ikagwa, oswa miyala amathawira m'menemo.

Kale onse ankakhala phanga la kumunsi. Koma a Kaphwiti, amene kale anali kondakitala wa basi, anayamba kukangana ndi akazi awo a Nangozo pa nkhani ya makuponi, aja boma limapereka kuti osauka agulire feteleza motchipa. Anthu amati banjalo linathera makuponi. Ine ndikudziwa kuti panalinso kamtsikana kogulitsa mandasi pa depoti, koma zimenezo si za lero. Banja litatha, a Nangozo ananyamula hamala yawo ndi wailesi n'kusamukira kuphanga la kumtunda, theka la anthu n'kuwatsatira.

Kuyambira pamenepo phirilo silinaonenso mtendere. Nkhani za masana zikangotha pa wailesi, a Kaphwiti ankaima pakhomo la phanga lawo, manja m'chiuno.

"Mwamva kumtundako? Makuponi asathe! Boma ndi kholo, kholo silisiya mwana ndi njala!"

"Kholo lanji lopatsa mwana mmodzi, enawo n'kumangomeza malovu?" ankayankha a Nangozo. "Zaulere zinalemeretsa ndani? Atikonzere misewu ndi misika, feteleza tigula tokha!"

"Mugula ndi chiyani poti kwacha aigwetsa obwereketsa ngongole akunja aja?"

"Yagwa yokha! Dziko loitanitsa kunja ngakhale zotokosera m'mano, ndalama yake ingaime?"

Akatopa ndi kwacha ankalowa za nkhondo ya kutsidya kwa nyanja, ngati ndi imeneyodi yakweza mafuta kapena ndi dyera la amalonda. Akatopa ndi nkhondo ankakwera kumwezi. A Kaphwiti ankalumbira kuti anthu anapondako ndithu. A Nangozo ankaseka chikhakhali.

"Mwezi ukatsala ngati chikhadabo, amaima pati? Bodza munaliyambira pa depoti, simunasiyebe?"

Hamala zinkagona pansi, miyala osasweka, galimoto za ogula n'kumabwerera zopanda kanthu.

Tsono panali mnyamata wina wochokera kutali, dzina lake Dafuleni. Ntchito yake inali yokankha wilibala, kutuluta miyala ya mapanga onse awiri kupita nayo kumsewu. Mnyamata wooneka bwino ndithu, koma khosi lake linali lofewa ngati la nkhuku yodwala chitopa, aliyense akayankhula linkangogwedezeka. Kumunsi ankaotcha mbatata, ndiye akafika kumeneko ankati, "Zoona bambo, makuponi asathe." Kumtunda kunali thobwa, ndiye kumeneko ankati, "Mayi, inu ndiye mwalasa. Athe basi." Zonsezi ankanena monong'ona, pakamwa pali podzaza.

Dafuleniyu anakonda Eneresi, mwana wa a Nabiyeni a kumudzi kuja. Mtsikanayo anamulola, koma amayi ake anali ouma ngati miyala yomweyo. Anatuma mawu kuti, "Chimanga changa chafika m'mawondo. Wofuna kukhala mkamwini pakhomo pano abwere ndi thumba lodzaza la feteleza chisanachite chikasu. Apo ayi, Layisoni wa kabaza uja akuzungulirazungulira pano ngati khwangwala."

Dafuleni tulo anasowa, chakudya osalowa. Thumba lathunthu akalipeza kuti munthu wa wilibala?

Koma phanga lililonse linali ndi mwambo wake. Munthu wawo akafuna kukwatira, aliyense ankatapa mbale ya feteleza kunyumba kwake n'kumuthirira m'thumba, kuti akayambire banja. Koma ankachitira wawo weniweni yekha, wa maganizo awo. Dafuleni anatola chithumba chakale cha chimanga, chopanda pulasitiki m'kati, n'kupita nacho kumunsi.

"Ndiwe wathu?" anafunsa a Kaphwiti.

"Mpaka kumanda, bambo."

Anamuthirira, koma poti anthu anali theka, thumba nalo linafika theka. Dafuleni analibisa m'tchire, napeza china, ulendo wa kumtunda.

"Ndiwe wathu?" anafunsa a Nangozo.

"Mayi, magazi anga ndi a phanga lino."

Theka linanso. Anaphatikiza, thumba n'kudzaza mpaka kukamwa ndi feteleza woyera uja wonga shuga, amene akangokhudza madzi amasungunuka. Dafuleni anavina yekhayekha m'tchiremo.

Tsiku lokapereka anavala malaya obwereka, thumba pamutu. Anafuna kudutsa pakanjira kaja anthu ali kalikiliki ndi hamala, kuti asamuone. Koma tsikulo kumwamba kunali kutada bii, ndipo anthu onse anali atathawira kale m'mapanga, maso onse ali pakanjira. Anangofika pakatikati, madontho n'kuyamba.

Dafuleni anathamangira kumunsi. Pakhomo anapeza a Kaphwiti atatsekereza ndi mimba yawo.

"Ima pomwepo, mphwanga. Ife tinakupatsa theka. Thumbali labereka liti?"

"Ndi madalitso, bambo. Ndiloleni ndilowe, anyowa."

"Madalitso onunkha thobwa? Chabwino, sitikukaniza. Wathu amalowa. Ungotembenuka, uyang'ane kumtunda, ukuwe kuti makuponi asathe. Mayi aja amve ndi makutu awo."

Dafuleni anayang'ana kumtunda. A Nangozo anali pakhomo, dzanja kukhutu. Akakuwa, thobwa latha, ndiponso atha kuitanitsa theka lawo.

"Asathe," anatero ndi timawu tonga ta udzudzu.

"Sitinamve!" anakuwa a m'phangamo.

"Dikirani pang'ono, bambo, ndikubwera."

Liwiro la kumtunda, thumba pamutu, mvula ikuwonjeza. A Nangozo anamulandira ndi kumwetulira kwa mphaka.

"Mwana wanga wa magazi a phanga lino! Unatsikira chiyani kwa madala aja?"

"Ndimakawalalikira, mayi, kuti atembenuke."

"Wachita bwino. Tsono amalizire kumva ulalikiwo. Kuwa kuti makuponi athe, ulowe, malo ouma ndi awa."

Dafuleni anayang'ana kumunsi. A Kaphwiti anali atanyamula mbatata yootcha m'mwamba, akuigwedeza.

"Mayi, nkhaniyi ndi yofunika kuiona mofatsa. Tikanena kuti athe..."

"Athe kapena asathe?"

"Mwina athe pang'ono."

"Pang'ono? Ndi mimba iti imene inakhalapo ya pang'ono? Choka pakhomo, ukutidonthezera!"

Anatsikanso. A Kaphwiti anali atawonjeza mafunso.

"Tsopano unenenso kuti kumwezi anthu anafika!"

Anakweranso. A Nangozo nawo anali atawonjeza.

"Unenenso kuti kwacha inagwa yokha, ndiponso kuti madala aja ndi wachimasomaso!"

Kutsika, kukwera, kutsika, kukwera, nsapato imodzi n'kutsalira m'matope. Ndipo ndikuuzeni ana inu, mbali zonse ziwiri panali amayi achifundo amene ankamuitana, "Iwe Dafuleni, tangonena chimodzi ulowe, feteleza akutha!" Phanga lililonse likanamulandira. Koma iye mtima unali pa mbatata ndi thobwa pomwe.

Potsiriza anaima pakati pa kanjira, mvula ikukhuthuka ngati yochita kutsanula m'ndowa, nayamba kuyankhula ngati munthu wa pa msonkhano.

"Abale anga a kumunsi ndi a kumtunda! Nkhani ya makuponi ili ndi kuno ndi uko. Tikaona kuno, bambo akunena zoona. Tikaonanso uko, mayi sakunama. Kwacha anaigwetsa, komanso inagwa yokha. Kumwezi anthu anafika, koma mwina sanatsike..."

Madzi oyera ngati mkaka anali kuyenderera m'khosi, kumsana, mpaka m'miyendo. Iye anangomva kuti katundu akupepuka, n'kuganiza kuti mawu ake akumupatsa mphamvu. Anawonjezera moto, nalowanso za nkhondo ya kutsidya kwa nyanja, kuti mbali zonse ziwiri zikulakwa komanso zikukhoza.

Mvula itakata, pamutu pake panatsala chiguduli chonyowa, chitamumatirira kumaso ngati chipewa cha mwana.

Kenaka a Nangozo anakuwa, "A Kaphwiti!"

"Ee, mayi a ana?"

"Mnyamatayu ndi chitsiru."

"Pamenepo ndiye mwanena zoona."

Chithere banja, aka kanali koyamba kuti awiriwa agwirizane pa kanthu. Ena amati madzulo ake anawaona akugawana mbatata kuseri kwa mwala, koma ine sindinaone ndi maso anga, ndangomva kwa amene anaona.

Dafuleni anapitabe kumudzi, nsapato imodzi, chiguduli m'manja. A Nabiyeni, monga apongozi, anakhala chomufulatira, n'kumayankhula ndi mwana wawo.

"Eneresi, tafunsa alendowo feteleza ali kuti."

"Alipo komanso palibe," anayankha Dafuleni. "Tikaona mbali ina..."

Eneresi anatenga chigudulicho, nachifinya, timadzi n'kudontha pansi.

"A Dafuleni, ndikufunseni chimodzi chokha. Mapanga awiri onse aja, panalibe lokulandirani?"

"Onse amandifuna. Vuto linali lakuti ndikalowa lina, linalo likanandida."

"Ndiye tsiku lina amayi anu ndi ine tikadzasemphana mawu, mudzaima pabwalo mpaka kuche?"

Dafuleni anaganiza, khosi n'kuyamba kugwedezeka. "Nkhani imeneyonso ili ndi kuno ndi uko."

Pamenepo kuseri kwa nkhokwe kunalira belu la njinga. Anali Layisoni wa kabaza, thumba lili pa kaliyala, lokutidwa bwinobwino ndi pulasitiki. Chimanga cha a Nabiyeni chaka chimenecho chinabereka ziwiriziwiri, ndipo pa ukwati wa Eneresi mapanga onse awiri anavina, ngakhale anakanganabe za mtengo wa shuga mpaka mkulu wa mpingo kuwaletsa.

Mukadzadutsa pa Nkhulande mudzayang'ane kanjira ka pakati kaja. Udzu wake ndi wobiriwira, wautali kuposa munthu, mbuzi za mudzi wonse zimanenepera pomwepo. Ndiwo munda wokhawo umene Dafuleni anathirapo feteleza. Ndipo a Nabiyeni, tsiku lija akumuyang'ana akubwerera ndi chiguduli chake paphewa, anapukusa mutu n'kunena mawu amene mumawamva mpaka lero: "Mapanga awiri avumbwitsa."