Anati Ndikwere Pamwamba, Ine Ndinakwera

Musaseke kaye. Ndikudziwa kuti ena mwa inu munaiona kale vidiyo ija ya gogo ali mumtengo wa mango, mpango uli pa nthambi ina, patapata ili pansi, kukamwa kuli yasa ngati ng'ona. Eya, ndine amene. Koma ojambula aja anayambira pakati, ndiye lero mumve kuyambira kumutu. (Ine cholembera sindichidziwa. Ndikuyankhula, a Mable akulemba, ndipo ndawauza kuti akachotsapo liwu limodzi batala wanga asadzamulawenso.)

Ndili ndi kamalo kophikira kuno ku Kande, kuseri kwa chigayo, ukachoka pa tala n'kutsika pang'ono. Ndimawamba nsomba ya batala, ndimaphika kondowole, nsima ya chinangwa ija, ndi chigwada chotendera. Kondowole wanga ukameza umamumva akutsika mpaka ku zala za kumapazi. Koma makasitomala anga okhulupirika anali ntchentche ndi galu wa a Mhone, kalipentala woyandikana nane.

Anthu onse amathera kwa Nyakamanga, pamsewu. Nyakamanga ameneyu tinavinira limodzi chilimika tili atsikana, ndipo ngakhale nthawi imeneyo amaponda anzake. Nsomba amaiphika ngati akuichapa, madzi okhaokha. Koma pakhomo pake magalimoto ali ndandanda.

Mwana wanga Lusungu, amene amakhala ku Mzuzu, anabwera tsiku lina, anayang'ana mabenchi opanda munthu, anayang'ana galu, kenako ine.

"Ama, basi. Mvula ikayamba zikadali chonchi, mutseke. Mubwere ku Mzuzu muzikakhala ndi adzukulu."

Ku Mzuzu! Kozizira kuja, kumene nsomba imafika itatopa, maso atalowa mkati! Ndikakhale mumpanda wa njerwa, ntchito kutsegula geti? Mwanayu ananena mwachikondi, koma kwa ine zinali ngati akundiyeza bokosi.

Ndiye ndinadandaulira a Mable. A Mable ndi mayi wa ku Mulanje, amalandira alendo pa loji ina kunyanjaku. Tsiku lopuma amadzadya kwa ine, akuti zakudya za pa loji zimaopa mchere.

"Ambuya, vuto si ndiwo," anatero a Mable ndi Chichewa chawo chosalala chija. "Masiku ano mlendo asanatsike galimoto amafunsa foni kuti kuno ndikadye kuti. Foni ndi imene imamulozera. Nyakamanga mpongozi wake anamulowetsamo kalekale."

"Foniyo inadyako kwa Nyakamanga?"

"Siidya, ambuya."

"Nanga ikunamiziranji anthu?"

Anaseka mpaka kutsamwa ndi munga. Kenako anajambula mbale, anajambula mabenchi, anajambula ine nditavala chitenje cha ku tchalitchi, analembamo dzina la malo anga, Chisomo cha Mulungu. Akuti tidikire.

Patapita masiku anabweranso. Analemba dzina lija mu kabokosi kofunsira ka pa foni kaja. Abale anga! Chisomo woyamba, saluni ya ku Lilongwe. Wachiwiri, golosale ya ku Kasungu. Wachitatu, shopu yokhoma mabokosi a maliro ku Blantyre. A Mable kutsitsa ndi chala, kutsitsa, kutsitsa, chala mpaka kuchita thukuta. Ine anakandipeza pansi penipeni.

"Ndiye a maliro ali pamwamba, ine wamoyo ndili pansi?"

"Malo atsopano amayambira pansi, ambuya," anatero, uku akunyamula chikwama chifukwa wa njinga yamoto anali akuliza kale hutala. "Mupeze nyenyezi zambiri. Anthu azikutchulani pa foni. Mukatero mukwera pamwamba. Munthu sayang'ana zapansi, amangodina chapamwambacho. Tidzakambirana!"

Vuuu, anapita. Anandisiyira mawu ngati munthu wokupatsa mankhwala osakuuza kamwedwe.

Nyenyezi sizinandivute. A Mhone anali ndi penti yoyera yotsala. Ndinajambula nyenyezi pakhoma, pachitseko, pa mabenchi, ngakhale pa kachimbudzi, chifukwa a Mable anati zambiri. (Zina zinatuluka ngati nkhanu, zina ngati mapazi a nkhuku, koma nyenyezi zakumwamba ndani anaziyeza?) M'mawa mwake kunabwera munthu! Mayi wachilendo, mutu wamanga ndi nsalu, anagwada pakhomo mwaulemu.

"Odi. Kodi aneneri alipo?"

Ndinamupakulira kondowole. Anadya, anati mutu wasiya. Koma sanali kasitomala, anali wodwala.

Zotchulazo ndinakazichitira ku msonkhano wa amayi a ku tchalitchi. Titatha pemphero ndinaimirira.

"Aliyense atulutse foni! Yandikizani pakamwa! Nenani kuti Chisomo cha Mulungu!"

"Chisomo cha Mulungu!"

"Mokweza, foni imve!"

"CHISOMO CHA MULUNGU!"

Gogo wina kumbuyo anati, "Ameni!" n'kuyambitsa nyimbo. Mai busa anandigwira dzanja misozi ili m'maso, akuti sankadziwa kuti ndine wauzimu chonchi. Kunyumba ndinapeza galu yemwe uja akundidikira.

Apa n'kuti mango atayamba kufiira, mitambo ikuunjikana tsidya la nyanja. Lusungu anaimba.

"Ama, chipinda chanu ndakonza. Ndakugulirani bulangete lalikulu ndi masokosi."

Masokosi! Ine, mwana wa m'mchenga! Tsiku limenelo ndinati langizo la a Mable latsala ndi limodzi, la pamwamba. Ndinayang'ana denga langa, lalifupi. Ndinayang'ana mtengo wa mango wa pakhomo panga, umene umaoneka ngakhale uli pa tala. Ndinati umenewu ndiye pamwamba, a mabokosi aja sangafikepo.

"A Mhone, mundibwereke makwerero."

"Mukatani nawo, ambuya?"

"Ndikukwera pa intaneti."

"Oo." (A Mhone safunsa kawiri, n'chifukwa chake banja lawo lakhalitsa.)

Ndinazula chikwangwani changa, ndinachimangira kumsana ngati mwana, foni ndinailowetsa pachifuwa, chitenje ndinachikwinya. Kwe, kwe, kwe. Maondo akuti bwerera, mtima ukuti masokosi. Makwerero atatha ndinagwira nthambi, ndinapitiriza. Ndinamanga chikwangwani ndi chingwe cha labala, ndinatulutsa foni, ndinaikweza m'mwamba.

"Iwe foni! Waona? Ndili pamwamba tsopano! Kauze anzako!"

Amene anayankha si foni. Zinali nyerere zofiira zija zimamanga zisa ndi masamba a mango. Chikwangwani ndinachimangira pa nyumba yawo. Zinalowa m'khosi, zinalowa m'khwapa, zinalowa malo amene ngakhale malemu amuna anga ankayamba aodira. Ndinavina chilimika cha pa nthambi. Mwendo unatambasuka wokha, makwerero aja, gwaa! pansi.

Tsopano mawu anga mumawadziwa. Ndikaitana mwana ku dooko amayankha a ku Chintheche. Ndinakuwa. A pachigayo anazimitsa injini. Minibasi inaima pamsewu, anthu kutsika ndi katundu yemwe. Lole ya anthu ocheka mitengo ya labala ku esiteti inakhota n'kulowa kanjira kanga. Ndipo onsewo, m'malo modzutsa makwerero, anatulutsa mafoni.

"Agogo, tayang'anani kuno!"

"Agogo, mwakwera bwanji?"

"Ndi mano! Dzutsa makwererowo, mwana wopanda mwambo iwe!"

Makwererowo anali atathyoka mwendo. A Mhone anawanyamula ngati maliro, akupukusa mutu. Kenako khamu linapatuka, kunabwera Nyakamanga, manja m'chiuno, chipande chili m'manja.

"Mnzanga! Mwayamba kuuluka masana? Mafuta akutherani m'mwamba? Lichero lagwera kuti?"

Anthu anagwa nacho chiseko. Ine manyazi anandigwira, nyerere zikundigwiranso. Koma ndinayang'ana pansi paja, ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo: pakhomo panga podzaza anthu! Mabenchi anga a nyenyezi atakhalidwa! Ndinati Chiuta, mpata uwu subwera kawiri. Ndinakumbatira thunthu ndi dzanja limodzi, lina ndinaloza.

"Tamverani nonse! Pano ndi pa Kande, kuseri kwa chigayo! Batala wowamba, wa lero! Kondowole womata mlomo! Chigwada chotendera! Nsomba ya kuno siisambira m'mbale ngati ya anthu ena amene aima apo ndi chipande! Ayi! Nyerere iwe, choka!"

Asodzi anathamanga ndi ukonde, anautambasula.

"Dumphani ambuya, tikuwakhani!"

"Ine ndine usipa? Chotsani!"

Anandipulumutsa ndi dalaivala wa lole, bambo wa ku Thyolo. Anabweza galimoto mpaka pansi pa nthambi, anyamata awiri anakwera padenga, ananditsitsa ngati thumba la chinangwa. A labala aja anadya zonse zimene ndinaphika tsiku limenelo, mpaka kukokota. Koma ine ndinalowa m'nyumba, ndinadzola mafuta thupi lonse, sindinatuluke. Lamulungu ku tchalitchi sindinapite.

Kenako foni. Anali Lusungu.

"Ama! Anzanga a kuntchito akundionetsa vidiyo, akuti taona gogo wopenga uyu! Ndinene kuti ndinu mayi anga? Mvula sitiidikiranso. Loweruka ndikubwera ndi makatoni."

Ndinakhala pansi. Ndinati basi, ndadzikumbira ndekha, ndipo ndakumbira m'mwamba.

Lachitatu lake kunaima galimoto yoyera, yonyezimira. Anatsika bambo wa mimba yabwino ndi akazi ake, a ku Lilongwe, foni ili m'manja.

"Pepani mayi, kodi pano ndi pa agogo a mumango?"

Ndinafuna kuwathira madzi a nsomba. Koma mayi aja anali ataona kale mtengo, akukuwa, "Ndi uwu! Chikwangwani chikadali momwemo!" Anadya, anajambulitsa nane, anagula batala wopita naye. Asananyamuke kunafika ena a njinga zamoto. Kenako aphunzitsi a ku Tukombo. Kenako azungu awiri ofiira ngati nyerere zomwe zija, akuti, "Ambuya mango? Ambuya mango?"

A Mable anabwera akuthamanga, nsapato m'manja.

"Ambuya, taonani!" Analemba mu kabokosi kaja kuti agogo a mumango Kande. Sanatsitse chala. Woyamba, ine pa nthambi. Wachiwiri, ine ndikukana ukonde. Wachitatu, ine ndikutsika ngati chinangwa.

"A mabokosi ali kuti?"

"Kulibe! Chisomo alipo ambirimbiri, koma gogo wa mumango ndinu nokha dziko lonse lino. Anthu akulemba mawu amenewa. Tisinthe dzina la malo likhale lomwelo, kuti wofuna vidiyo azipezanso njira yofikira kuno."

"Ndichotse dzina la Mulungu ndiike la manyazi anga?"

"Mulungu sasochera, ambuya. Amasochera ndi makasitomala."

Tinasintha. Ndi pamenenso anandifotokozera bwino za nyenyezi, kuti si za penti, amapereka ndi munthu amene wadya, podina pa foni yake, n'kulembapo mawu pang'ono. (Akanatero poyamba, chimbudzi changa chikanakhala ndi ulemu wake.) Lero munthu akamaliza kudya ndimaima pambali pake ndi beseni la madzi.

"Mwakhuta? Dinani nyenyezi."

"Ndadina zinayi, agogo."

"Inayo mukusungira ndani? Nyakamanga?"

Loweruka Lusungu anafikadi ndi makatoni, nkhope ili ndwii. Anasowa poponda. Anaima pakati pa anthu, akuti, "Ama, tiyankhulane." Ine ndinamupatsa jagi.

"Sambitsa alendo m'manja, tiyankhulana akatha."

Sanathe. Mwana wanga anatsuka mbale mpaka dzuwa kupendeka, nsapato zake za gogoda zili pa mpanda. Bambo wina anamufunsa ngati ndi wantchito, iye anati, "Ayi, ndi mayi anga," ndipo ananena mokweza, ndinamva ndili ku moto. Makatoni aja anabwerera ku Mzuzu atadzaza batala, anzake omwe aja a kuntchito ataitanitsa. Bulangete anatumiza pa minibasi. Ndimayala pa benchi ya alendo olemekezeka. Masokosi ndimagwirira mapoto otentha.

Mvula inabwera, inandipeza pa Kande, ndikuwamba.

A Mable mpaka lero amalimbikira kuti mtengo sunachite kanthu, akuti chinagwira ntchito ndi dzina lopanda linzake ndi anthu kundikamba. Ine ndimangowayang'ana. Anati nyenyezi, ndinajambula. Anati anthu akutchuleni, ananditchula. Anati mukwere pamwamba, ndinakwera. Palakwika pati? Iwo anaphunzira, koma nyerere zinaluma ndani?

Dzana ndinamuona Nyakamanga kwa a Mhone akukhomesa makwerero, akuti ndi okonzera denga. Denga lake ndi la malata atsopano. Ndipo pakhomo pake mtengo ulipo umodzi wokha, wa papaya. Monga mnzake wa kalekale ndinapita kukamulangiza.

"Mnzanga, osaima pakati. Foni imaona wa pamwamba penipeni."