Nkhondo ya pa Ngalande ya Dry Fork

Tcherani makutu, inu mibadwo yobwera, ndipo amene akuodzera mumugwedeze, pakuti ndikusimba za chaka cha fumbi, chaka chimene mvula inachita ulesi m'mapiri a kum'mawa kwa Oregon, pamene fakitale yathu yocheka matabwa inali itasanduka nyumba ya akadzidzi, boma litaletsa kudula mitengo m'nkhalango yake, ndipo m'chigwa chonse cha Dry Fork munatsala ntchito imodzi yokha yamalipiro, yotsegula ndi kutseka zitseko za ngalande. Ntchitoyo inali m'manja mwa Lorna Tibbets, Mfumukazi ya Majombo, Wosunga Makiyi a Madzi. Sinali ntchito yoseweretsa, chifukwa ndiyo inkagula mankhwala a mtima a mwamuna wake Vern.

Khonsolo yathu inali ndi mipando itatu, koma mwini mpando wachitatu anapita kukaona zidzukulu ku Arizona osabwererako, choncho dziko linatsala m'manja mwa ngwazi ziwiri. Yoyamba inali Delbert Etchart, Chipewa Chophimba Dzuwa, Mdzukulu wa Wokumba Ngalande, amene lamulo lakwathu linkamulera ngati mwana wachisamba: banja limene linayamba kutunga ndilo limayamba kumwa, enanu mudikire zotsala. Ng'ombe anagulitsa kalekale, koma popeza madzi ukasiya kuwagwiritsa ntchito amakulanda, mkuluyu ankathirira munda wa miyala chilimwe chilichonse, ndipo miyalayo inkaoneka yathanzi ndithu. Ngwazi yachiwiri inali Orval Krumm, Bingu la pa Msonkhano, Mwini Ndevu Zosadziwa Chipeso, amene agogo ake anafika m'chigwamo mochedwa chifukwa gudumu la ngolo linathyoka panjira, ndipo mbumba yonse ikuvutikabe ndi gudumu limenelo mpaka lero.

Ndiye ngalande inangouma. Tinasonkhana mu holo ya sukulu, ngwazi zitakhala pa timipando ta ana, mawondo ali m'makutu.

"Anthu a Dry Fork!" anabangula Orval. "Udzu wa ng'ombe zanga wapsa, pomwe miyala ya nkhalamba iyi ikusamba m'mawa ndi madzulo! Lorna wagulidwa!"

"Kusamba kwake kuti?" anadzambatuka Delbert, kampando katamukakamira kumbuyo. "Miyala yanga yauma gwaa! Iwe Orval, ndiwe wamunyengerera mayiyu ndi tinyama tako ta gwape touma ngati lamba tija. Achoke!"

"Achokedi!"

Kuyambira tsiku limene anabadwa, aka kanali koyamba kuti awiriwa agwirizane, ndipo anachita nako manyazi. Koma ine ndinaona Vern atawerama pa ndodo yake, chisoni chinandigwira.

Lorna anaimirira. "Mundichotse, palibe vuto. Koma zitseko ndatsegula zonse, kumtunda sikukubwera kanthu. Tiyeni mukadzionere nokha, mwina mpweya wa kuphiri ungakuthandizeni."

Ha, ulendo umenewo! Mapikapu anandandalika kuchokera pa tchalitchi mpaka pa mlatho, agalu akuuwa kumbuyo, macheka a injini atanoledwa, khofi atadzaza m'mabotolo ngati tikupita kukalanda dziko la eni. Koma pa malire a nkhalango tinapeza mkulu woyang'anira mitengo ya boma, munthu wowonda ngati bango, atatambasula dzanja limodzi.

"Macheka atsale pano, mfuti zitsale pano. Nyama musakhudze. Chotchinga madzi mukachipeza, muchotse ndi manja."

Gulu lankhondo linatsika, n'kukwera phiri wapansi, likupuma ngati ng'ombe zokoka ngolo. Ndipo pamwamba, pamene mtsinje umapapatiza, tinamupeza mdaniyo: biva, kanyama konenepa konga tchenzi, ka mchira wophwatalala ndi mano ofiira, katakhala pa khoma la mitengo ndi matope limene kanamanga kokha, madzi athu onse ali mbee kumbuyo kwake. Kanatiyang'ana kamodzi n'kupitiriza kutafuna.

"Taonani zimenezi!" analira Orval. "Ife atiletsa kudula ngakhale kotokosera m'mano, uyu wagwetsa theka la nkhalango popanda chilolezo!"

Pamenepo Delbert anakwera pa chitsa, natulutsa chifuwa, nalankhula mawu amene mapiri akuwakumbukirabe.

"Iwe chilombo chopanda ulemu! Agogo anga anatunga mu mtsinje uno njanji isanafike, positi ofesi isanamangidwe! Woyamba kufika ndiye woyamba kumwa! Lamulo ndi limenelo, ndipo ndidzafa nalo!"

Maso a Orval anayamba kuwala. "Tabwereza, Delbert."

"Woyamba kufika ndiye woyamba kumwa!"

"Eya. Nanga agogo ako aja, chipewa chimene anavala pa chithunzi chili pakhoma kwanu chija, n'cha ubweya wa ndani, si wa biva? Agogo akowo anapeza agogo a bivayu ali kale pompano, m'bale wanga! Nawenso ndiwe wochedwa! Bwera kuno kumbuyo kwa mzere, malo ndakusungira!"

Delbert anatsika pa chitsa paja. Kukana kukanakhala kugwetsa lamulo limene analalikira moyo wake wonse, ndipo munthuyu, zoipa zake zonse apo, sanali wa malilime awiri. Pang'onopang'ono anavula chipewa pamaso pa biva, ndipo ife tinaona dazi limene ngakhale mkazi wake ankangolimva mbiri.

Ochedwa awiriwo anapinda mathalauza nalowa m'madzi limodzi, akukuwa ndi kuzizira ngati ana pa tsiku la katemera. Anazula timitengo mpaka dzuwa kupendeka, madzi anayenda, ife tinaimba nyimbo ya fuko. Kutacha, biva anali atatsekanso, mwinanso bwino kuposa kale. Mawa lake chimodzimodzi.

Lorna anawapeza atakhala pa gombe, milomo ili bii. "Mabwana, paja mwati ndichoka liti? Ndikufuna ndidziwe womusiyira majombowa."

Ngwazi zinayang'anana mawondo.

"Ndani ananena zochoka?" anafunsa Orval.

"Ine sindinamveko," anatero Delbert.

Mtendere unasainidwa pa gombe pomwepo, wakuti Lorna azilipidwa kugumula khoma la biva tsiku ndi tsiku, bandi ya sukulu ikuliza lipenga lake limodzi, amayi a tchalitchi akugawa makeke a maapozi. Mpando wachitatu uja anaunyamula n'kuukhazika m'matope, ndipo biva atamenya madzi ndi mchira, mlembi analemba kuti khansala watsopano wavomereza. Pa chisankho chotsatira, Delbert ndi Orval aliyense anadzitama kuti ndiye anabweretsa ntchito yosatha m'chigwa, ndipo onse anapambana.

Mpaka lero Lorna amakwera phirilo m'mawa uliwonse kukagumula khomalo ndi manja. Akamaliza amayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa mtolo wa nthambi zanthete za msondodzi zimene wadula kuseri kwa nyumba yake, n'kuusiya pa gombe.

"Idyani, bwana, mumange zolimba. Vern akuti moni."