Nkhondo Yanga ndi Lomeki pa Katowo

Lolemba

Bwana wa ku Mzuzu wandiimbira foni m'mawa ndikumwa tiyi. Tiyiyo ndamusiya, wazizira yekha.

Akuti abwera Loweruka, tsiku la msika. Malipoti sakuwafuna. Adzangoyenda mumsika wa Katowo n'kumafunsa anthu ngati akuidziwa Zingalayiti. Akadzapeza kuti sakuidziwa, njinga ya kampani adzaikweza pa pikapu n'kukapatsa ejenti wina. "Miyezi yonseyi mukutani kumeneko, achimwene?" Asanamve yankho, wadula.

Ndilembe bwinobwino kuti mutu ukhazikike. Zingalayiti ndi nyale ya sola yomwe ndimagulitsa. Ili ndi wailesi, ili ndi potchajira foni, yachikasu ngati papaya wakupsa. Nyale yabwino ndithu. Vuto n'lakuti pa Katowo pano chilichonse chodya dzuwa ndi "lomeki". Lomeki inali nyale ya kampani ina, yoyamba kufika kuno kalekale. Kampaniyo inatha. Lomeki yeniyeni palibe amene ali nayo lero. Koma dzinalo, abale, lili ndi moyo kuposa ine! Tochi ndi lomeki. Kawailesi ka sola ndi lomeki. Nyale yanga, yolembedwa ZINGALAYITI ndi zilembo zikuluzikulu pamimba, nayonso lomeki. Ndikulimbana ndi malemu.

Njingayi isapite, chonde. Ine ndine mkamwini wochokera ku Dedza, ndikukhala kwa eni ake. Tsiku lomwe ndinafika nayo m'pamene apongozi anayamba kundipatsa mpando wa chotsamira. Kale ndinkakhala pa mtondo. Imapita kuchigayo, imanyamula tomato wa akazi anga NyaGondwe, imawatengera kusikelo tsopano popeza ali ndi pakati.

Pulani ya sabata ino:
– Wonena kuti lomeki, osamugulitsa.
– Kutchaja foni ulere kwa wotchula dzina loyenera.
– Kulemba dzinalo pakhoma la okala yanga.
– Osapsa mtima.

NyaGondwe amvetsera pulani yonse mwaulemu, kenako: "Chabwino, koma lomeki yanuyo kaichotseni padengapo, nkhuku zikuikwera."

M'nyumba mwanga momwe!

Lachiwiri

Ndatsegula okala m'mawa kwambiri. Malaya achikasu a kampani, chipewa chachikasu, nsapato zopukuta. Njinga ndaiimika kutsogolo kuti iziwala.

Woyamba kufika ndi mayi wina wa kumtunda, mwana kumsana, ndalama atamanga pansonga ya chitenje. "Monire adada, lomeki zilipo?"

Ndayankha mwaulemu kuti lomeki kulibe, koma Zingalayiti ilipo.

Wayang'ana nyale zomwe zili mbwee pashelefu kumbuyo kwanga. Wayang'ana ine. "Yewo," basi n'kutembenuka. Ndamuona ndi maso angawa akulowa mu golosale ya tsidya lina la msewu, n'kutuluka ndi kanyale kopanda ndi dzina lomwe, kaja kamafa mvula ikangoyamba. Akumwetulira, wapeza lomeki yake.

Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu wandifunsa ngati nyalezi ndasungira maliro.

Masana abwera a Mhango, aphunzitsi opuma aja amene amavala tayi ngakhale popita kudimba. Ndawafotokozera zonse poganiza kuti ophunzira andimvetsa. Andimvetsadi, agwedeza mutu, andiuza kuti zoterezi zimachitika ngakhale kwa azungu, kuti dzina la katundu woyamba limameza anzake onse. Alankhula mpaka dzuwa lapendeka. Potsanzika: "Limbani mtima, mwana wanga. Lomeki zanuzi n'zolimba kuposa zakale zija."

Lero ndagulitsa machesi ndi sopo. Nyale, ng'o.

NyaGondwe akuti munthu wokana kasitomala ali ndi ndalama m'manja afunika kumupempherera. Mfundo yoyamba ya pulani ndayamba ndaiimitsa kaye. Mfundo yomaliza, yosapsa mtima ija, ikugwedezeka.

Lachitatu

Lero ndiye lero! Ndalengeza pachigayo ndi pamjigo: aliyense wonena kuti "Zingalayiti" atchaja foni ulere.

Sindinadziwe kuti Katowo ali ndi mafoni ochuluka chonchi. Anthu atulutsa ndi mafoni akufa omwe, omanga ndi mphira, ena opanda mabatani. Mzere wafika mpaka pa ogulitsa chipisi. Aliyense akafika kutsogolo akundiyang'ana m'maso, "Zingalayiti," n'kundipatsa foni. Wina wachita kugwada pang'ono. Agogo ena alephera, akuti "Zinga, Zinga chani?" ndipo mzere wonse wawathandiza mokweza ngati ana a sukulu. Mtima wanga mbee!

Koma zinthu zake:
– Mitambo yatsika kuchokera ku Nyika dzuwa lisanafike pamutu.
– Nyale zonse zachitsanzo zakhuta mafoni, zathima.
– Mafoni akuda ang'onoang'ono onse ndi ofanana ngati nyemba.

Mafoni awiri asinthana eni. Mkazi wa telala watenga foni ya wogulitsa nyama, ndipo wogulitsa nyamayo walandira uthenga womwe sunali wake. Zomwe zinali mu uthengamo sindilemba. Ndakhala masana onse ndikuweruza mlandu womwe sindinauyambe, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira.

Chondipweteka si chimenecho. Mnyamata wa kabaza, potenga foni yake yosadzaza, wandiuza mwachifundo kuti, "Zingalayiti, lomeki yanu yafooka lero."

Komabe dzina latchulidwa, ndipo latchulidwa ndi khamu. Ndikuwerengera kuti tsikuli ndapambana, ngakhale NyaGondwe akuti ndapambana ngati mbuzi yomwe yawina ulendo wa ku butchala.

Lachinayi

Tsiku lolemba pakhoma. Wolemba zikwangwani pa Katowo ndi mmodzi yekha, ndipo ndi alamu anga, achimwene awo a NyaGondwe. Ndawapatsa penti wachikasu, ndawalembera dzina papepala, ndawauza kuti alembe lokhalo basi, lalikulu loti munthu aliwerenge ali pa pikapu. Ine ndapalasa njinga kukasiya tomato.

Njinga imeneyi, abale! Potsetsereka imachita kuimba. Ndinatsala pang'ono kulira poganiza za Loweruka.

Pobwera ndapeza anthu aunjikana pa okala, akuyamikira. Zilembo zokongola zedi, zamichira, zina zamithunzi. Pamwamba: ZINGALAYITI. Pansi pake, zazikulu kuposa zapamwambazo: MALOMEKI ENIENI PANO.

Ndatsika panjinga, ndawerenganso kachiwiri.

Alamu akupukuta manja, akunyadira. "Zapansizo ndakuwonjezerani ulere, alamu. Popanda zimenezo anthu adziwa bwanji chomwe mukugulitsa?"

Mlamu sakalipiridwa, makamaka ukukhala pamalo pa bambo ake. Ndati yewo chomene. Ndati zakongola. Ndafunsa mwakachetechete ngati penti watsala woti tifufute mzere wapansiwo. Penti watha, wotsalayo apentera chitseko cha apongozi.

Choseketsa n'chakuti madzulo ano ndagulitsa nyale kuposa masiku onse a mwezi uno. Aliyense akuloza khoma, "Tipatseni yeniyeniyo." Ndawapatsa. Pokulunga nyale iliyonse ndimanong'oneza kuti "Zingalayiti", ngati ndikuidalitsa.

Lachisanu

Zatheka! Ndikulemba ndi chimwemwe.

M'mawa ndikudutsa pa sukulu, ana onse pampanda: "Zingalayiti! Zingalayiti!" Ndawaimbira belu la njinga. Pamjigo amayi: "Mwawuka uli, a Zingalayiti?" Pa bawo madoda akweza manja, "Zingalayiti wafika!" Ngakhale wogulitsa nyama, amene sakundilankhula chichitikireni za Lachitatu, ndamumva akuuza mnzake kuti Zingalayiti ndi wosokoneza mabanja. Mawu oipa, inde, koma dzina walitchula bwino, zilembo zonse.

Palibe ngodya ya Katowo yomwe dzinali silikumveka. Sabata imodzi yokha! Kampani ikanakhala ndi nzeru ikananditumiza ku Rumphi Boma kukaphunzitsa ma ejenti ena.

Ndawauza NyaGondwe kuti akonzeke, mwina Loweruka tilandira njinga yamoto. Andiyang'ana, dzanja lili pamimba. "Bambo, anthuwa sakutchula nyale. Akutchula inu."

Nsanje ya akazi imeneyo. Ndawauza kuti za malonda azisiyira a malonda.

Zokonzekera mawa:
– Kuchapa malaya achikasu.
– Kutsuka njinga, kupopa matayala, kudzoza tcheni.
– Kupachika chitenje pamzere wapansi wa alamu uja.
– Kugula fanta wa bwana. Ayi, tiyi, kukuzizira.

Madzulo apongozi anditumizira nkhuku yoti bwana adzadye. Amene wabwera nayo akuti, "Akuti ya alendo a a Zingalayiti." Mwamva? Mpaka apongozi!

Loweruka

Sindikudziwa poyambira.

Bwana wafika msika utadzaza, pa pikapu yoyera, jekete lachikasu, kabuku m'manja. Tiyi wakana. Akuti tiyambe ntchito, ine ndiziyenda kumbuyo, ndisatsegule pakamwa.

Wayamba ndi mayi wogulitsa nyemba. "Amayi, Zingalayiti mukuidziwa?"

"Chomene! Si awo ali kumbuyo kwanuwo?"

Bwana watembenuka, wandiyang'ana, waseka pang'ono. Wapita kwa wina, bambo wa makasu. Nayenso: "A Zingalayiti? Mkamwini wa kwa Gondwe, wa ku Dedza. Munthu wabwino, koma amaopa agalu." Wina wawonjezera kuti ndi uja anagwa ndi njinga pamlatho chaka chatha. Wina akuti ndi uja anasokoneza mafoni. Msika wonse ukundidziwa, mpaka zomwe ine ndinaiwala.

Ndiye bwana watulutsa nyale m'chikwama, waikweza m'mwamba, zilembo zikuyang'ana anthu. "Nanga ichi n'chiyani?"

Msika wonse pamodzi, ngati kwaya: "Lomeki!"

A Mhango, tayi ili pakhosi, afuna kundipulumutsa. Abwera kutsogolo n'kufotokoza m'Chingerezi chabwino kuti anthu akudziwa kusiyanitsa, kuti lomeki za a Zingalayiti ndi zomwe aliyense amazifuna. Bwana walemba kenakake m'kabuku. Tabwerera ku okala, ndipo tapeza mphepo yagwetsa chitenje chija. MALOMEKI ENIENI PANO, penti akuwala padzuwa. Alamu aima pambali pake, akudikira kuyamikiridwa.

Ndayesa kunena kuti nyale zikugulidwa, Lachinayi zinapita zambiri. Bwana akuti kampani sikulipira njinga kuti itchukitse akufa, ngakhalenso kuti itchukitse ine.

Aikweza. Ndaithandiza ndekha kukweza, kuopa kuti angaikande. Matayala opopa bwino, tcheni chonyezimira. Atenga nyale zotsala, atenga chipewa. Malaya andisiyira chifukwa ndinali nditavala.

Dalaivala wa kampani, atanyamula katoni ya nyale: "Bwana, malomekiwa ndiike kuti?"

Ndadikira kuti bwana amukalipire. Ndadikira ndithu.

"Ika kutsogolo, angasweke."

Pikapu yapita, fumbi kobo. Nkhuku ya apongozi tadya tokha. NyaGondwe sananene kuti "ndinakuuzani", angondiikira chiwalo chachikulu m'mbale, ndipo zimenezo zandipweteka kuposa mawu.

Lamlungu

Kutchalitchi wapansi. Sindinadziwe kuti n'kutali chonchi. NyaGondwe akuyenda pang'onopang'ono, ine ndanyamula mabuku a nyimbo ndi ambulera. Akuti kusikelo tizinyamuka m'mamawa, tizipuma panjira, tikafika. Akuti mwana akadzabadwa ndisadzayerekeze kumutcha dzina lililonse lachikasu.

Njira yonse moni. "Pepani a Zingalayiti, tamva za njinga." "Limbani mtima a Zingalayiti." Mayi wa Lachiwiri uja wandiimitsa, akuti kanyale kake kafa kale, kodi ndingakakonze? Ndati abwere nako mawa. Ndidzakhala ndilipo, ndipitanso kuti?

Ntchito yatha. Nyale zapita ku Mzuzu. Kampani mwina mawa idzakhala itandiiwala.

Nthawi ya zolengeza, mlembi wa mpingo wavala magalasi, akuwerenga mayina a amuna okaumba njerwa za nyumba ya abusa sabata ino. Aliyense akatchulidwa aimirire. A Mhango aimirira. Alamu aimirira. Kenako, mosaseka, mosakweza ndi maso omwe, ngati dzina lomwe ndinabatizidwa nalo: "A Zingalayiti."

Tchalitchi chonse zii, chikudikira. Palibe amene akuona chachilendo. Ndayang'ana NyaGondwe kumbali ya amayi, andikodola ndi mutu kuti musachedwetse mapemphero.

Ndaimirira.