A Sipanala ndi Njinga Yoletsedwa Kukonza

Malemu a Sipanala anali ndi nthenda yomwe palibe chipatala chikanaichiza: sankatha kudutsa chinthu chowonongeka osachikonza. Simunkachita kuwaitana ayi. Chitseko chikangoti kwiii, potembenuka mupeza afika kale, agwada, sipanala ili kukamwa, akuchisisita ngati mwana wodwala. Malipiro sankafuna. Chilolezo nachonso sankafuna.

Kukonza ankakonzadi, koma mwa njira yawo. Wailesi ya abusa anaidzutsa kwa akufa, koma inkalankhula pokhapokha munthu ataigwira eriyo, moti mayi busa ankamvera nkhani chiimire ngati msilikali. Ambulera ya aphunzitsi aakulu anailimbitsa mpaka inakana kutsekeka, ndipo akuluwo anayenda nayo yotambasula chilimwe chonse. Mukadandaula ankangofunsa kuti, "Ikugwira kapena sikugwira?"

Ndiye kunabwera ngozi ya mdzukulu wanga, uja wa kabaza. Ndinene pano kuti mwanayo sanalakwe. Ndi munthu woti nkhuku ikamawoloka msewu amaiimira. Galimoto ina inangotulukira chambuyo pageti n'kumugunda. Mwendo anamuika chikhakha, njinga yamoto inapindika ngati yatafunidwa, kunyumba mkazi wake ali ndi pakati potopa. Banja lonselo linkadya kuchokera pa matayala awiri amenewo. Mwayi wake njingayo inali ndi inshuwalansi, poti ana a m'banja mwathu amamva zowauza.

Zonse anazisenza ndi mayi ake, mwana wanga wamkazi, telala uja. Anasiya makina n'kuyamba kuyenda: kupolisi kukatenga lipoti, kuchipatala kukatenga kalata ya dokotala, kwa anthu amene anaona ngoziyo kukawachonderera kuti achitire umboni. Atatula zonse ku ofesi ya inshuwalansi, anamuuza kuti, "Munthu wathu abwera kudzaiona njingayo. Koma asaikhudze aliyense. Mukangomanga ngakhale nati imodzi, ife tisamba m'manja."

"Abwera liti?"

"Posachedwapa, mayi."

Mwana wanga anakumbukira a Sipanala pomwepo. Anathamanga ulendo wonse, ndipo anapezadi a Sipanala akuzungulira njingayo pakhonde, misozi ili lengelenge.

"Malume, musaikhudze!"

"Ndikungoiona."

"Nanga sipanalayo ikutani m'manjamo?"

"Nayonso ikungoona."

Anawakhazika pansi n'kuwafotokozera bwinobwino. Iwo anamvetsera kukamwa kuli yasa. "Ukutanthauza kuti kuli anthu olembedwa ntchito yoletsa anzawo kukonza zinthu? Amalandira ndi malipiro omwe? Mwanawe, foloko ya njingayi ikulira. Iwe sukuimva?"

Njinga anaitsekera m'chipinda chosokera. M'mawa mwake anapeza a Sipanala ali pawindo, mphuno itakanikiza galasi. Anaifunditsa nsalu, iwo akuti akumva fungo la oilo wotayika. Anawakalipira, iwo anapita n'kubwerera ndi sipanala yaikulu.

Apa m'pamene mwana wanga anaonetsa kuti nzeru anayamwa kwa ine. Anazindikira kuti munthuyu sathamangitsika, chofunika n'kuwapatsa manjawo chochita. Analowa m'nyumba, nagwedeza mwendo wa mpando mpaka unazuka.

"Malume, taonani tsoka ili."

Tsiku limenelo njinga inapuma. Lotsatira anagulula chogwirira cha poto. Kenako loko wa kabati, zipi ya chikwama, chivundikiro cha ketulo. Za m'nyumba zitayamba kuchepa, anauza aneba, ndipo msewu wonse unalowa m'chiwembucho. Wometa tsitsi anabweretsa makina ake, wogulitsa makala anabweretsa wilibala yomwe inanyamuka kwawo ili bwinobwino n'kufika ilibe tayala. A Sipanala ankangopukusa mutu. "Chaka chino zinthu zikuwonongeka modabwitsa. Kapena ndi nyengoyi?"

Wa inshuwalansi uja "posachedwapa" wake anatalika ngati ulaliki wa mlendo. Tsiku lomwe anaimba foni kuti ali m'njira, njinga inatulutsidwa pakhonde, ndipo tsiku lomwelo zowonongeka zinatheratu. A Sipanala anamaliza tochi yomaliza, napukuta manja, naimirira. Anayamba kuyenda molunjika njinga ngati munthu woitanidwa.

"Malume!"

"Kagalasi kokhaka. Kungokawongola basi. Sadziwa."

Mdzukulu wanga anakuwa ali pampando, koma ndi chikhakha akanatani? Mayi ake anaponya maso uku ndi uku. Chilichonse m'nyumbamo chinali chomangidwa kale ndi waya. Kenako maso ake anaima pa ine.

"Amayi, mundikhululukire."

Ndisanafunse kuti chiyani, anandivula magalasi kumaso n'kuwathyola pakati, thyo!

"Magalasi anga owerengera Baibulo!" ndinalira, ndipo sikunali kunamizira.

A Sipanala anaima, dzanja lili m'malere pamwamba pa njinga. Anayang'ana njinga, anayang'ana ine. "Nkhalamba singakhale yosaona," anatero mousa moyo, nakhala pansi n'kutulutsa waya.

Wa inshuwalansiyo ine sindinamuone. Akuti anali wamfupi. Ndinangomva akujambula zithunzi, akugogoda apa ndi apo, kenako mawu ake: "Mwachita bwino osaikhudza. Ambiri amathamangira nayo kwa makaniko, nkhani n'kuthera pomwepo. Iyi tiikonzetsa."

Mwana wanga anakhala pansi pa simenti, akuseka uku akulira, mpongozi wake atamukumbatira ndi mimba yakeyo. Palibe anaona kuti a Sipanala amaliza magalasi n'kutuluka pageti. Mlendo wathu pochoka anapeza chitseko cha galimoto yake, chomwe chinkavuta kutseka, chakonzedwa. Chinakana kutseguka, ndiye analowera mbali inayo.

Njinga inabwera kuchokera ku galaja ikuwala ngati yatsopano, mwana atangobadwa kumene. A Sipanala anaizungulira, naigwira ndi manja onse awiri kwa nthawi yaitali. "Aikonza," anatero, "koma mopanda chikondi."

A Sipanala anatisiya chaka chatha atadwala pang'ono. Anamwino anatiuza kuti tsiku lawo lomaliza anawapeza atatsika pabedi, diripi ili pamkono, akuwongola tayala la bedi la wodwala mnzawo.

Masiku ano chinthu chikawonongeka kuno chimakhaladi chowonongeka. Mpope wa pamphambano wakhala ukudontha kuyambira nthawi ya mvula. Aliyense wodutsa amauyang'ana, kenako amayang'ana kumtunda kwa msewu komwe a Sipanala ankatulukira, n'kupitiriza ulendo mwakachetechete. Mdzukulu wanga akuti aukonza Loweruka. Ndamuuza kuti asafulumire.