Tambala Yekha Ndiye Anatuluka Bwino

Anzanga, kudzionetsera kunandipweteka, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa ngakhale ndikuseka.

Mwana wa achemwali anga, Tadala, anapeza banja, ndipo ngakhale takhalitsa kuno ku Dar tinagwirizana kuti chinkhoswe chichitike mwa kwathu, kunyumba kwa achemwaliwo ku Sinza. Amayi athu ali ku Ntcheu, miyendo inawakana kalekale, ulendo wa basi sangaukwanitse. Pa foni anandipempha chinthu chimodzi chokha, chithunzi cha pepala choti apachike pakhoma, Tadala ali ndi mwamuna wakeyo ndi ife tonse. Mdzukuluyo anamuona komaliza ali wakhanda.

Kamera ndinali nayo, anandisiyira bwana wanga wakale pobwerera kwawo, ili ndi kalenzi kakafupi kamene sikanandilakwirepo. Koma ine malume wathunthu n'kuima pamaso pa akuchimuna ndi kalenzi konga chivindikiro cha botolo? Ndinakwera daladala, minibasi ya kuno, ku Gongo la Mboto, ulendo wa ku Kariakoo kukafuna lenzi ina.

Wogulitsa anali bambo wa imvi, wosathamanga poyankhula. Anandiyalira zinthu zitatu patebulo n'kundifotokozera ngati mwana wa sukulu. Zumu, akuti umaipotokola n'kukoka chakutali kapena kubweza kuti anthu ambiri akwanemo. Telefoto, yaitali ngati munsi, imangoona zakutali basi, ndi ya ojambula mpira ndi nyama zakutchire. Kenako konveta, kamphete koika pakati pa kamera ndi lenzi, kamawirikiza kukoka koma kamadya kuwala. Anandifunsa kuti mwambowo uchitikira kuti, ine osaphethira n'komwe ndinati mu holo yaikulu. Ndinanamiranji? Sindinafune adziwe kuti ndi pabalaza poti anthu asanu ndi mmodzi akatambasula miyendo amapondana.

"Mzee, chukua zumu," anatero kawiri konse, kuti nditenge zumu. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma maso anga anali pa munsi uja. Ndinatenga telefoto, n'kuwonjezera konveta kuti zinthu zikome kawiri, ndipo kalenzi kanga kokhulupirika ndinakasiya komweko posinthanitsa. Nditafika kunyumba ndinayesera pa khwangwala amene anali pamtengo wa magetsi dzuwa lili paliwombo, anatuluka nthenga iliyonse ikuwerengeka. Ndinadziona kuti ndine katswiri.

Tsiku la chinkhoswe ndinayamba ndi kulamula. Ndinauza achinyamata onse kuti mafoni akhale m'matumba, sindifuna munthu wondiimira kutsogolo, ndipo achimwene anga a Yotamu, amene anali nkhoswe, anabwereza lamulolo mwaukali mpaka alendo omwe anamvera. Mwambo unayamba, atsikana analowa atafunditsidwa zitenje kuti mnyamata azindikire wake, ine n'kuika diso pa kamera. Ndinangoona chinthu chakuda chikupuma. Inali mphuno ya munthu, ndipo mpaka pano sindidziwa kuti ya ndani.

Ndinabwerera m'mbuyo, ndinagunda khoma. Ndinatulukira pakhonde, ndinapeza khutu ndi ndolo. Apa munthu wanzeru akanangoti ana inu tulutsani mafoni aja, koma ndi pakamwa pati pamene ndikananenera zimenezo? Ndinawoloka msewu n'kuyamba kuloza pakhomo kuchokera kutsidya, thukuta lili kamukamu, suti itamata pamsana. M'nyumbamo munali kamdima, konveta ija ikudya kuwala monga ananenera bambo uja, kamera ikungofufuza osagwira kanthu. M'katimo nthungululu zikumveka, mnyamata wapeza wake, ankhoswe akupatsana nkhuku, ine ndili panja ngati wosaitanidwa.

Kenako bodaboda, njinga yonyamula anthu, inaimba belu pafupi ndi khutu langa, ndinadumphira m'mbuyo, ndipo ngalande za ku Sinza mukuzidziwa mvula ikangogwa dzulo lake. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndinagona m'madzi akudawo kamera nditaikweza m'mwamba ndi manja awiri, wa bodaboda n'kundiponyera "pole mzee", kupepesa kwake, akupitirira. Nditadzuka ndinaona tambala wa akuchimuna atamangidwa pakhonde, padzuwa, chete. Ndinamujambula kuti ndione ngati kamera sinafe.

Anthu akubalalika Tadala anandithamangira, nkhope ili mwee, n'kundifunsa m'Chiswahili chake chija ngati zithunzi zatuluka bwino. Ndinavomera ndi mutu. M'mawa mwake akuchimuna anabwerera kwawo, mnyamata anapita kuntchito kwake ku Mwanza, gulu lija silinakumanenso.

Kotsukitsa zithunzi mayi wogwira ntchito pamenepo anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali. Mphuno zosaoneka bwino, makutu, duwa la pachitenje, chinthu china chimene tinagwirizana kuti mwina ndi chigongono. Chowala bwino chinali chimodzi, tambala, diso lili gwa. Achemwali sanandikalipire, zikanakhala bwino akanatero. Anangoika chithunzicho mu envulopu n'kupatsira munthu wa kumudzi, akuti amayi adzionere okha ntchito ya mwana wawo.

Patapita sabata foni inalira. Amayi anandilonjera bwinobwino, anafunsa za ana, kenako anati: "Tambala ndamuona, ngonenepa, akuchimunawo ndi anthu aulemu. Nanga mdzukulu wanga ali kuti?"

Manyazi ake sanandichoke. Telefoto ndinaibweza, bambo wa imvi anandipatsa zumu. Ukwati uli m'tsogolomu, ndipo ndalumbira kuti tsikulo aliyense ajambule ndi chimene ali nacho, ngakhale wa bodaboda. Pakadali pano, ndamva kuti pakhoma la amayi ku Ntcheu, pamalo amene anasungira Tadala, papachikidwa tambala.