Gitala Yopanda Malire ya Mwana Wanga Feliksi

Ine wolemba pano ndine mphunzitsi wopuma ntchito, amene ndinaphunzira Chilatini kuseminale, ndipo ndimayimba limba ndi kutsogolera kwaya m'tchalitchi chathu cha ku Chowa, muno m'Kabwe. Ndikulemba kuti pasadzapezeke wonena kuti ndinagonja osalimbana.

Lolemba

Chitsekereni mgodi, mwana wanga Feliksi, amene anali kalipentala kumeneko, wakhala akugona masana ngati mlonda. Lero watulukira ndi gitala ya besi yosema yekha. Nsambo zinayi, khosi lalitali, koma pakhosipo palibe timipiringidzo tachitsulo tija tosonyeza pothera liwu lina ndi poyambira linzake. Pali see! Munda wopanda malire!

Akufuna kuyimba nayo pa Misa Lamulungu. Ndikakana, akuti apita nayo kwa anyamata oyimba m'mabala a ku Makululu, amene malipiro awo ndi kachasu. Mwana sindimutaya, koma chisokonezo sichilowanso m'tchalitchi. Ndiikamo ndekha timipiringidzo.

Lachiwiri

Rula, choko, masamu. M'mawa wonse ndikulemba mizere pakhosi la gitala, yowongoka ngati asilikali. Feliksi akutenga gitalayo, chala chikungotsetsereka, choko chonse chathera pamalaya ake.

"Ba tate, iyi siifuna malaini, ifuna chabe khutu."

Chinyanja chake chikundipweteka kuposa gitalayo.

Lachitatu

Ku Makululu kukafuna waya wamkuwa wopangira timipiringidzo. Wogulitsa zitsulo zakale ndi mnyamata amene ndinkamuphunzitsa kusukulu, amene sanakhozepo galamala.

"Ba Ticha, kopa yonse inayenda kale na matilaki. Tengani masipoko."

Masipoko a njinga, adzimbiri! Ndikutenga. Pondipatsira akuwonjeza: "Uja mwana wanu wa besi, ba bendi bamufuna maningi." Ndikubwerera wapansi, fumbi la pamgodi m'mano.

Lachinayi

Feliksi wapita kukatunga madzi. Gitala pamiyendo, sowo yochekera mipata ya timipiringidzo m'manja. Ndikuitembenuza, ndipo kumsana kwake kuli banga la inki limene ndikulidziwa. Ndi thabwa langa la mtengo wa mukwa, limene linkanyamula dikishonale yanga ya Chilatini! Dikishonaleyo ndiye ili pa njerwa, ndipo sindinazindikire.

Ndikufuna kukwiya, koma dzanja lagwira kale khosi. Losalala ngati mpini wa khasu la malemu atate. Ndikukhudza nsambo yaikulu. Sipika yakale yomwe Feliksi anailumikiza ikuyankha: mmmwaa. Liwu silikulowera m'khutu, likulowera m'mimba, ngati mdidi wa makina a pamgodi umene tinkagona nawo osaumva, kufikira pamene unaleka. Ndikukweza chala pang'onopang'ono, liwu likukwera osadumpha, ngati munthu wofunsa funso mwaulemu. Makapu akunjenjemera m'kabati.

Amake a Feliksi aima pakhomo. "Atate ake a Feli, mukucheka kapena mukusisita?"

Ndikuwauza kuti ndikuyeza. Sowo ndaipachika.

Lachisanu

Tsoka! Makoswe adya chikopa cha mvukuto wa limba. Ndikaponda, likungopuma ngati nkhalamba yachifuwa. Amene ankalikonza anachotsedwa ntchito pamodzi ndi Feliksi, ndipo anabwerera kwawo ku Katete.

Kwaya yanga ili ndi matenda akale: imayamba nyimbo pamwamba, ndime iliyonse n'kumatsika pang'ono, ndipo wotsogolera kutsikako ndi mkazi wanga. Limba ndilo linkawakokera m'mwamba, ngakhale kuti pomaliza iwo ndi limbalo ankamveka ngati akulimbirana munda. Popanda limba adzathera m'chitsime.

Bambo mfumu angoti, "Mulungu adzapereka, aphunzitsi." Ndikudziwa chimene akufuna kupereka.

Loweruka

Masipoko anga akutokosera mbaula. Sindikufunsa.

Pachipata paima mnyamata wa magalasi akuda, kolala ili m'mwamba. "Mudala, Feli alipo? Mailo tili na pulogalamu." Ndikumuuza m'Chinyanja choyenera kuti Feliksi mawa ali ndi Mwini mapulogalamu onse. Wapita akuseka.

Mawu atuluka, sabwereranso: gitala ilowa m'tchalitchi. Malamulo anga kwa Feliksi: akhale kuseri kwa chipilala, asagwedeze mapewa, asamwetulire.

Lamulungu

Nyimbo yolowera. Ndime yoyamba bwino. Yachiwiri, amayi ayamba ulendo wawo wotsika. Ndikutseka maso kudikira manyazi.

Palibe! Besi ikutsika nawo. Chala cha Feliksi chikusendera pang'ono chabe, kukakhala pamalo amene limba lilibe dzina lake, ndipo liwu lagona pansi pa mawu awo ngati mphasa. Mabenchi akunjenjemera. Amuna a pamgodi okhala kumbuyo, amene chitsekereni mgodi amangoyang'ana pansi, ayamba kung'ung'udza nawo. Tamaliza nyimbo kutali ndi kumene tinayambira, koma tamalizira pamodzi. M'zaka zanga zonse za kwaya, sizinachitikepo.

Feliksi waphwanya lamulo lachitatu. Madzulo ano ali pakhonde kupukuta gitala, ndipo wafunsa nthawi yophunzira nyimbo Lachitatu. Ku Makululu sanapite.

Choncho ndikugamula motere: gitalayo ikhale yopanda timipiringidzo, popeza thabwa lake linakhala zaka zambiri pansi pa Chilatini ndipo mwambo linautenga kumeneko. Dikishonale ikhalebe pa njerwa. Za limba sindifulumira.

Ine, atate wa Feliksi, Wotsogolera Kwaya.